Mlamba Umene Unameza Foni Yako

Kwa Felesiya, mzime wanga,

Imirira kaye pamene ulipo, ngakhale uli m'minibasi, chifukwa amene akukulemberayu si munthu wamba. Ndine Gerevazio Namakhwa, woimba belu wamkulu wa tchalitchi chathu, wapampando, mlembi komanso membala yekhayo wa komiti yoingitsa mpheta m'mapoloti awiri a kusikimu ya Likangala, munthu amene anaphunzira Sitandade 6 kawiri chifukwa aphunzitsi anati mutu ngati uwu sitingautaye msanga. Tsopano ukhoza kukhala pansi.

Ndikulemba dzuwa likadalipo, pansi pa mango, iwe utapita kukatsanzika kwa azakhali ako. Mayi ako akuti ndikulankhule pamaso ngati bambo weniweni. Ndayesa kawiri sabata ino, ndipo kawiri konse pakamwa panga patuluka nthabwala, iwe n'kuseka, ine n'kubwerera ndi mawu anga. Ndiye ndabwereka cholembera chako. Kalatayi uiwerenge utadutsa Liwonde, pamene sungathenso kubwerera kudzandikalipira. Nzeru zoti ndikupatse ndilibe. Ndili ndi zolakwa zokha, koma n'zonenepa bwino, zikufikitsa ku Lilongwe.

Cholakwa changa choyamba chinali wailesi. Iwe sunakhalepo pa chimbowera, umangozionera patali. Ndi kanyumba ka msodzi komangidwa pa njedza zoyandama, pansi pake palibe nthaka, ndipo ukapondapo pamanjenjemera ngati mimba ya munthu wonenepa akamaseka. Ndili mnyamata ndinakhalapo miyezi itatu ndikutchera miono. Ndinali ndi kawailesi katsopano, ndipo Loweruka lina masana munali mpira. Ndinagona chagada, wailesi pakhutu. Mpoto unayamba kuwomba, ndinaumva ndithu, koma ndinati ndituluka mpira ukatha. Woulutsa uja atatsanzika ndinasuzumira pakhomo. Mwana wanga, phiri la Zomba, phiri lonse lija limene Mulungu analiika kuti anthu a kwa Mwambo asamasochere, linali litachepa ngati mtumbira wa mbatata. Chimbowera chinali chitaduka pamene chinagwira, chikuyenda ndi ine, ndi mphika wanga, ndi wailesi yanga, bwato litatsala kutali pansungwi imene ndinazika. Chimene chimandiopsa mpaka lero n'chakuti sindinamve kalikonse. Palibe chinagwedezeka. Munthu akamatengedwa amakhala akumva kukoma. Anandipeza asodzi a ku Chisi tsiku lotsatira, ndipo anandiseka njira yonse mpaka kudoko. Uzidzutsa mutu, Felesiya. Uziona ngati phiri likadali pamalo pake.

Chachiwiri ndinalakwira iweyo. Achimwene ako Lusiyano atakutumizira foni kuchokera ku Joni, uli Fomu 3, amene anaikonda koyamba si iwe, ndine. Ukudziwa kuti m'mudzi muno netiweki imapezeka pachulu chokha chija cha kuseri kwa chigayo. Ndine ndinkakutuma, "Kakwere pachulu, anthu aone kuti kwa Namakhwa kwafika chitukuko." Tsiku lina unandikuwira uli pamwamba, "Ababa, bwerani mudzaone nyanja yanu!" Ndinakwera ndi mawondo anga akalewa ndikuganiza kuti wajambula madzi. Unatsina galasi ndi zala ziwiri, dziko n'kuyamba kuchepa, ndipo ndinaona Chilwa yense. Yense! Ndakalambira pa nyanja imeneyi, ndaiwolokera ku Mozambiki, yandidyetsa matemba ndipo yandimiza kawiri, koma ndinali ndisanaione yathunthu. Chisi anali ngati kanjere ka mpunga kogwera m'mbale. Likangala anali ulusi. Unandionetsa Domasi, unandionetsa Phalombe, mitsinje yonse ikuthira momwemo.

"Nanga wotuluka uli pati?" ndinakufunsa.

"Palibe, Ababa. Madzi akalowa muno satulukanso."

Lilime langa linkadziwa kale zimenezo, chifukwa madzi athu ndi amchere, koma maso anali asanazione. Ndinavula chipewa pachulu paja ngati ndili m'tchalitchi. Ndinati m'mtima, kani ndi mmene Mulungu amationera? Ife tonse ndi mikangano yathu ya malire, ndi njinga zathu, osaoneka ngakhale ngati utitiri, koma Iye n'kumadziwa dzina la aliyense? N'chifukwa chake akatekisiti akamati foni ndi ya Satana ine sindivomera. Chinthu chimene chinandionetsa nyanja yanga yonse sindingachitukwane. Koma ndinatanganidwa ndi kudabwa, osaona kuti chimene chili m'manja mwakocho ndi Chilwa wina: maola amalowamo kuchokera mbali zonse, wotuluka palibe. Sindinaonenso kuti pachulu paja pakhazikika mpingo. Ana a kwaya ndi ana a madrasa, phewa ndi phewa, makosi opindika, chete ngati akakowa odikira nsomba. Mpingo wokhawo kwa Mwambo kuno umene sunagawikanepo. Ndipo ine ndi amene ndinakulembetsa.

Chachitatu ndi nsanja. Uli Fomu 4, mpunga uli mkaka, nthawi imene mpheta zimaukonda, ndinamanga nsanja yoingitsira mbalame yaitali kuposa ya wina aliyense kusikimu, kuti wodutsa azidziwa poloti ya Namakhwa. Osadziwa kuti ndamanga chulu chachiwiri. Pamwamba pake netiweki inkagwira bwino kuposa kuchigayo. Ndinakusiya pamenepo ndi chingwe cha zitini m'manja ndi mabuku m'thumba, ndikunyada kuti mwana wanga aingitsa mbalame uku akuwerenga. Tsiku lachitatu ndinabwera masana pa njinga. Ndikadali patali ndinaona ngati utsi pamwamba pa poloti yathu. Zinali mpheta, zikutera ndi kunyamuka ngati chamoyo chimodzi chachikulu chimene chikupuma. Zitini zili zii. Iwe pansanja ukumwetulira chikhatho chako. Bambo weniweni akanakwiya kapena akanalira. Ine ndinakuwa kuti, "Mayi, alendo anuwa mwawapatsako ndiwo?" Unadzutsa mutu, ndipo nkhope imene unapanga ndinaidziwa. Ndi imene ndinapanga ine pa chimbowera. Chaka chimenecho poloti imodzi tinakolola mankhusu. Zotsatira za mayeso zitatuluka dzina lako palibe, ndinanenanso kuti mpheta zinalowa ndi m'mayeso momwe. Mayi ako anandiponyera chipande. Ndinakupeza kuseri kwa khitchini, ndipo mawu amene unandiuza sindinawaiwale.

"Ababa, inu mukuseka. Ine ndimafuna kusiya. Ndimapemphera kuti ndisiye, koma ndikamati Amen chala chili kale pa foni."

Ine amene ndili ndi yankho pa maliro ndi pa ukwati pomwe, tsiku limenelo ndinangotembenuka n'kubwerera m'nyumba. Pali nthawi imene nthabwala ndi kuthawa chabe. Undikhululukire imeneyo. Ndipo ukadzaona mnzako kukoleji akumwetulira chikhatho pamene zake zikudyedwa, usadzamuseke. Udzamukhudze phewa adzutse mutu.

Chachinayi n'chochititsa manyazi, ndipo uchisunge. Ndinafuna kuona ndekha chimene chinakugwira. Lamulungu lina m'mawa ndinatenga foni yako iwe uli kumjigo, n'kukwera pachulu, ndikudziuza kuti nthawi ya belu ikadali kutali. Ndinapeza vidiyo ya munthu akukoka nsomba yaikulu ngati chitseko. Itatha, ina inabwera yokha, osandifunsa. Chinthu chimenechi sichifunsa ngati wakhuta. Kunabwera mbuzi yokwera padenga, azungu akugwa pa njinga, munthu wophika mazira ambirimbiri m'chiwaya chimodzi, kenako mbusa wa suti yonyezimira akuti ndilembe Amen kuti ndilandire galimoto. Ndinali ndikufufuza zilembo za Amen pamene ndinamva belu la njinga pansi pa chulu. Anali Che Amidu, mwazini woitanira anthu kumzikiti, mnzanga wa pa miono kuyambira tili anyamata.

"Achimwene, kodi Mulungu wanu wapita ku holide?"

"Bwanji, Che Amidu?"

"Ine wanga ndamuitanira kale anthu m'bandakucha. Koma akazi anga amatereka madzi a tiyi akamva chitsulo chanu chija. Dzuwa lafika apo, tiyi sitinamwe. Ndati ndikaone, mwina mwafa."

Ndinayang'ana kumwamba, dzuwa litakwera kale. Belu lathu, limu ya thirakitala ija yopachika pamtengo, ndaliimba zaka zonsezi osaphonya, ngakhale tsiku limene ndinali ndi malungo. Anthu anali kudikira m'makomo atavala kale. Che Amidu anandikweza pa keliyala, ndipo m'njira ndinalumbira kuti foniyo ndikaiponya m'chimbudzi. Anapalasa pang'ono kenako anati:

"Mukataya ndiye mwapambana chiyani? Ife pa Ramazani chakudya sititaya. Chimakhala pomwepo, chikununkhira. Kusadya chifukwa mulibe, imeneyo ndi njala, achimwene, ngakhale galu amaidziwa. Kufunga, kusala kudya kwenikweni, ndi pamene chilipo, dzanja likudziwa njira, iwe n'kuliuza kuti dikira."

Ndinati, "Nanga kugwada kwanu kasanu patsiku, simutopa?"

Anati, "Kasanu patsiku ndimaika pansi chimene chili m'manja, kaya ndi ukonde, kaya ndi mkangano. Si kuti Mulungu amasowa moni wanga. N'kuti manja asaiwale kutsegula."

Ananditsitsa pamtengo wa belu n'kudikira mpaka ndiimbe, akuti akufuna akachitire umboni kunyumba kuti tiyi akubwera. Tsiku limenelo Mkatolika analalikidwa pa keliyala ya Msilamu, ndipo ulaliki wa m'tchalitchi sindikuukumbukira. Manja asaiwale kutsegula, Felesiya. Ndakulembera kawiri kuti ngati minibasi yadumpha pabampu uwerenge penapo.

Chachisanu mudzi wonse ukuchidziwa, koma ndichilembe kuti chikhale m'mbiri. Kutatsala sabata kuti ukabwereze Fomu 4, ndinabwereka foni yako kuti ndikajambule miono, Lusiyano aone kuti bambo ake akadali mwamuna. Ndili m'bwato pafupi ndi njedza, munatuluka mlamba waukulu ngati ntchafu yanga ya kale, ndevu ngati za akatekisiti. Unandiyang'ana, ine n'kuuyang'ana. Ndinati ndiujambule. Unayasamula ngati ukufuna kumwetulira pa chithunzi, foni n'kuterereka m'manja, mlamba uja mezu! Ndinauona ukutsika pansi, mimba ikuwala ngati tochi m'bulangete. Asodzi ena mpaka lero amati amamva kulira pansi pa madzi Lusiyano akamaimba. Unakhala masiku anayi osandilankhula. Chakudya unkandiikira ngati ukuikira mlendo amene wakhalitsa.

Zimene zinatsatira ndi zimene zandichititsa kutenga cholembera. Ndinaonapo nyanja iyi itauma, mwana wanga, koposa kamodzi. Tinayenda wapansi pamene tinkapalasa bwato, nthaka itang'ambika moti phazi limalowa, mabwato atagona chammbali ngati ng'ombe zakufa. Anthu ankati Chilwa watha. Kenako mvula, mitsinje n'kudzaza, ndipo tsiku lina munthu akuvuula mono n'kupezamo matemba. Anachokera kuti? Anabisala pati nthawi yonseyo? Aphunzitsi amati m'maiwe a m'mitsinje, ndipo mwina n'zoona, koma ine nthawi iliyonse ndimavula chipewa. Chaka chathachi ndinaona zomwezo m'nyumba mwanga. Ndinaona mwana amene ndinkati wauma akudzazanso. Pansanja yomwe ija, yaitali yomwe ija, zitini zinkalira tsiku lonse mpaka aneba anadandaula, buku lili pamiyendo. Ndikaimba belu la masana, ndinkakuona kuchokera kutali ukutseka buku, kuimirira, kupemphera Mngelo wa Ambuye wekhawekha pakati pa mpunga, kenako kukhalanso pansi. Anzako a pachulu akakupatsa foni yawo kuti uone kanthu, unkaona, kuseka, n'kubweza. Kubweza! Ine amene ndinalephera kubweza mbuzi ya padenga ndinkangoti kukamwa yasa. Ndipo dzina lako litatuluka, kenako kalata ya kusukulu ya unamwino, mayi ako analulutira mpaka nkhuku zinathawa. Ine ndinapita kuseri kwa khitchini komwe kuja. Usandifunse kuti ndinkatani. Kunali utsi.

Tsopano tamvera, chifukwa apa sindikuseka. Kuno Mulungu anatithandiza ndi umphawi wa netiweki. Chulu chimatopetsa miyendo, mvula imakutsitsa, batire imatha, ndipo wotchaja wa sola amatseka dzuwa likalowa. Kumene ukupitako Lusiyano akuti intaneti imayenda m'mwamba ngati mpweya, m'kalasi, pabedi, ngakhale kubafa, ndipo magetsi ali pakhoma. Kumeneko dziko lonse ndi chulu. Palibe potsikira. Ndamvanso kuti ku Lilongwe kulibe phiri la nzeru loti munthu n'kuonerapo ngati watengedwa. Ndiye phiri upite nalo wekha, ndipo belu uzidziimbira wekha. Usankhe nthawi zako zoika pansi, m'mawa, masana, madzulo, ndipo zikakwana uziika pansi ngakhale nsomba ya pa vidiyo itatsala pang'ono kutuluka m'madzi. Siituluka. Ine ndinadikira.

Usadzanamizidwenso kuti pemphero la pa foni ndi lomwelo. Pachulu paja ndinaona ana akutumizirana mavesi tsiku lonse, mbuzi za kwawo zikudya chimanga cha eni. Vesi ndi labwino, koma ngati dzanja silinatseguke, sunapemphere, wangosintha nyambo. Upeze tchalitchi cha makoma, cha anthu onunkha thukuta, chokhala ndi mayi mmodzi woimba mophonya. Ndipo ukapeza mnzako wa Chisilamu woyala kamkeka kake pa nthawi yake, umugwiritsitse. Akadzaimirira iye, iwenso uzikumbuka. Mpunga wa Che Amidu ndi wanga umamwa ngalande imodzi.

Ukumbukirenso ntchito imene ukukaphunzira. Wodwala ndi mpunga uli mkaka. Mbalame zake zimabwera mwakachetechete, ndipo amene ali pansanja ndi iwe. Poloti tinadzalanso chaka chotsatira. Munthu sadzalidwanso. Uzidzutsa mutu, Felesiya.

Za anyamata akuuza mayi ako, ine ndingokuuza kuti amene angakulembere kuti amakukonda usanamuone akuyenda, umufunse ngati amadziwa kuwokera mpunga. Kathumba ka mpunga kamene takumangira usagawe konse sabata yoyamba. Makumba ouma, nsomba za kwathu, ali pansi pa zovala, uwatulutse msanga, anzako a m'chipinda asadzaganize kuti ndi fungo lako lachibadwa. Uziimba Lamulungu likapendeka dzuwa, pa foni ya Che Amidu, tizidikira pachulu. Osati m'mawa. M'mawa ndili ndi belu.

Ndine bambo ako, wapampando uja,
Gerevazio Namakhwa

Ndatsala ndi danga papepala, ndipo wadutsa kale Liwonde, ndiye ndiulule. Zonse ndalembazi n'zoona, ngakhale za Sitandade 6. Koma chimodzi ndinapeka. Mlamba uja kunalibe. Tsiku lija sindinafike n'kunyanja komwe. Ndinakhala pansi pa mlatho mpaka madzulo, ndikunyowetsa buluku ndi kukonza ndevu za nsomba. Foni ndinaikulunga m'duku lakale la mayi ako n'kuiika m'thumba la mpunga wa mbewu limene limapachikika kudenga. Ulaliki wa Che Amidu ndinaumva, koma ndinalibe mtima woti ndikudikire ufunge wekha, ndiye ndinakupangira njala. Ndinakalapa kwa ansembe. Anandipatsa chilango, kenako anandifunsa kuti mlambawo unali waukulu bwanji.

Koma si chifukwa chake ndikuulula. Thumba lija ndimamanga ndi mfundo ya usodzi, imene palibe wina m'nyumba muno amaidziwa. Tsiku lina mwezi wa Febuluwale, mayeso akadali kutali, ndinalitsitsa kuti ndione ngati anankafumbwe alowa. Ndinapeza lamangidwa mfundo ina, yopita kumanzere. Wamanzere m'nyumba muno ndi mmodzi. Ndinamasula. Foni inali momwemo, itapukutidwa fumbi, duku litapindidwa bwino kuposa mmene ndinapindira ine.

Ndinadikira kuti undifunse. Sunandifunse. Miyezi yonseyo unkagona pansi pa thumba limenelo, ukudziwa chimene chili pamwamba pa mutu wako, njira ya kwa wotchaja ukuidziwa, chulu chili pomwepo. Ndipo alendo akabwera, ine n'kuyamba ya mlamba, iwe ndi amene unkawonjezera kuti, "Ababa, mwaiwala kuti unabwera kudzapempha tchaja." Ine ndinkaganiza kuti ndakupangira njala, kani iwe ukufunga. Ndakhala ndikuimba belu zaka zonsezi kuitanira anthu kwa Mulungu, ndipo chinthu chachikulu chimene ndinaona Iye akuchita chinachitikira kudenga kwa nyumba yanga, ine ndili pansi ndikunama.

Pisa dzanja m'kathumba ka mpunga kali pamiyendo pakoko. Pakati pake upeza duku. Mlamba walavula. Mfundo ndamanga yako ija, yopita kumanzere.